Chilembo Chimene Ndinawabera Mayi Halimatu

Chitawira, Blantyre
Lachisanu, 13 Okutobala

Okondedwa achemwali anga a Ndaziona,

Landirani moni wochokera kuno kumene dzuwa likuwotcha ngati tinalilakwira. Muli bwanji kumeneko ku Tsangano? Amayi mwendo uja ukuwalola kutsikira kudimba? Nanga alamu chifuwa chinapola, kapena akulimbikirabe kuti mankhwala ake ndi chingambwe chomwecho chimene chinachiyambitsa? Ife kuno tilipo. Mlamu wanu Marjorie ali bwino, kungoti masiku ano akuyankhula nane mofatsa kwambiri, ngati mmene timayankhulira ndi wodwala amene adokotala anatiuza kale zake. Mukawerenga mumva chifukwa chake.

Ndikudziwa mwadabwa kuona envulopu. Munthu amene anakupatsani foni ndi manja ake, lero akukulemberani kalata ngati agogo ali ku Joni. Nkhani yake ndi ya foni yomweyo, ndipo sindikufuna kuti idutse pafoni. Muwerenge muli nokha. Amene akupatsani kalatayi ndi a Alidi, adalaivala a lole imene imadzatenga kachewere wopita ku Limbe, aja amakana mowa wa alamu mwaulemu chaka ndi chaka. Sakudziwa zimene zalembedwa muno, ndipo musawawerengere.

Mukudziwa kuti chisiyireni uphunzitsi ndimadyera kumasulira. Akabwera alendo a mabungwe kapena atolankhani a kunja, ine ndimakhala pakati: uyu akanena, ndimapereka kwa uyo. Amayi amati ndine mtengatenga wa mawu a azungu, ndipo sanalakwe. Katundu wake ndi wopepuka, msana suwawa, ndipo ndinkaganiza kuti sangaphwanye phazi la munthu ngakhale utamugwetsa.

Mwezi wa Julaye, chiperoni chili pachimake, kunabwera mayi wina dzina lake Vanessa, mtolankhani wa kanema wina wa kutsidya kwa nyanja. Munthu wansangala, wodziwa kunena zikomo, wovala nsapato zokwerera phiri ngakhale tikungopita kumsika. Anati kuntchito kwawo akukonza nkhani za atsogoleri a kumanzere amene akutchuka m'mayiko osauka, ndipo anamva kuti ku Limbe kuli mmodzi. Pa ndale za kwawoko, achemwali, munthu wonena kuti olemera achepetseko pang'ono kuti antchito awonjezeredwe amatchedwa wa kumanzere. Ku koleji anatiuza kuti zinayamba ndi mmene anthu anakhalira pamipando m'nyumba ina ya malamulo kalekale. Mipandoyo inadyedwa ndi chiswe, dzinalo likadalipo.

Wa kumanzere wathuyo anali Mayi Halimatu, achemwali awo a Alidi omwewa. Ndi mayi wamasiye, amakhala ku Nancholi, ndipo kwa zaka zoposa makumi awiri akhala akukwera maminibasi awiri m'mawa uliwonse kukagulitsa nyemba ndi mpunga mumsika wa Limbe. Ndi amene amatsogolera gulu la mavenda ndi anthu onyamula katundu m'mashopu a holoselo. Khansala wa dera lina kumeneko atamwalira, anthuwo anawakakamiza kuti aime pachisankho chapadera, opanda chipani. Zimene amanena sizachilendo. Akuti wonyamula matumba a simenti akathyoka msana, mwini katundu amupititse kuchipatala. Akuti zimene mavenda amapereka tsiku ndi tsiku zizioneka pa zimbudzi ndi ngalande. Akuti mtengo wa ganyu ukhale umodzi, anthu asamapikisane pa njala. Ukawamva umangoti, kodi zimenezi mpaka kuchita kuitanira ndege?

Tinakawapeza pabenchi pawo. Funso loyamba la Vanessa linali lakuti, kodi iwo amadziona kuti ndi a kumanzere? Ine ndinalipereka mmene linalili. Mayi aja anayang'ana manja awo onse awiri, nkundiyang'ana ine, amvekere aphunzitsi, muwauze alendowa kuti ine ndinaleredwa, ndimadya ndi dzanja lamanja, kumanzere kuli ndi ntchito yake imene sitiitchula pali anthu. Amayi ogulitsa nawo anaseka mpaka wina anatayitsa nyemba. Ndinayesa kumasulira, Vanessa anamwetulira pang'ono, nkulemba kanthu m'kabuku.

Mafunso otsatira anali a mtundu umodzi. Ndani akuwapatsa ndalama? Kodi pali dziko lina limene likuwatuma? Kodi amadana ndi olemera? Kodi anthu awo akakwiya angathe kuwaletsa? Iwo anayankha kuti dziko lakunja limene anapondako ndi Mozambique, pa Milanje pomwepa, kukapikula nyemba, ndipo kumeneko palibe anawatuma kanthu kupatula kuwabera pa sikelo. Za olemera anati sangadane nawo, chifukwa olemera ndi amene amagula mpunga wa kilombero osanenerera. Anafotokoza za mnzawo wina amene thumba linamugwera pakhosi, pano amangogona pamkeka ku Bangwe. Anafotokoza kwa nthawi yaitali, mofatsa, ndipo wojambula kanema amene anabwera ndi Vanessa anayamba kuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga malata.

Tsopano mumve za mawu amene abweretsa zonsezi. Kuseri kwa depoti ya maminibasi kuli chiwaya china chimene onyamula katundu amadyerapo masana, ndipo tchipisi chake ndi cha kachewere wanu yemweyo. Anthuwa ali ndi mwambo wawo. Amene apeza ganyu tsiku limenelo amagula, nkuthira pa pepala limodzi lalikulu, ndipo asanatole ngakhale kamodzi amaitana anzawo amene sanapeze kanthu kuti, "Tidye tonse." Mawa zikatembenuka, woitanidwa uja ndiye amaitana. Mayi Halimatu anangotenga mawu amenewo nkukhala mfuwu wa kampeni yawo. Akamaliza kuyankhula amati, "Tidye!" ndipo gulu limayankha kuti, "Tonse!" Nthawi zina amanena okha onse awiri. Tsiku limenelo pamsonkhano wa masana ananena katatu, ine ndili chapafupi, foni yanga ili m'thumba la malaya ikujambula mawu. Ndimatero nthawi zonse kuti pomasulira ndisaphonye.

Titachoka apo tinalowa m'tauni kukaona wopikisana nawo, a Chester, mwini malole ndi nyumba zosungiramo katundu. Ofesi yawo ili pamwamba, yozizira ngati mufiriji, ndipo Chingerezi chawo ndi chosita bwino kuposa changa, choncho ine ndinangokhala pakona ngati ambulera m'chilimwe. Anawafunsa za masomphenya awo. Anawafunsa mmene anayambira ndi lole imodzi. Anawafunsa ngati akuchita mantha. Za amene akuwapatsa ndalama sanawafunse, za wogona pamkeka ku Bangwe sanawafunse, ngakhale thumba lija linali la m'nyumba yawo ya katundu. Ine ndinaziona zimenezi, achemwali, ndipo ndinakhala chete, chifukwa Vanessa anali atanena kuti tikatuluka tikadya kuhotela.

Kuhotelako ndi kumene mlongo wanu anachita zimene munkanena kuyambira ndili mwana, kuti pakamwa pangapa padzandipachika. Nkhuku itabwera, Vanessa anandifunsa kuti mfuwu uja ukutanthauza chiyani kwenikweni. Ndinamuuza zoona, ndinafotokozanso za chiwaya. Ndinaona kuti nkhope yake yagwa pang'ono, ngati munthu amene wayenda ulendo wautali kukaona mkango nkupeza mbuzi ikudya msipu. Ndiye mukudziwa matenda anga, sinditha kuona munthu akusowa choseka. Ndinati koma asamale, chifukwa Chichewa ndi chiyankhulo choopsa: pa mawu akuti tidye tonse ukangochotsapo chilembo chimodzi, t wachiwiriyo, zimatsala tidye onse, ndipo mayi wa nyemba wasanduka wodya anthu. Ndinalemba pa kapepala kopukutira pakamwa, nkudula t uja ndi cholembera. Onse anaseka, ine ndinamva kukoma. Ndinawonjezera. Ndinati ndani akudziwa chimene gulu limamva likakhala ndi njala. Ndinayerekeza mayankhulidwe a mayi aja, Chichewa chawo chokoka ku Chiyao, ndikunena kuti tidzayamba ndi onenepa. Ndinati mano a anthu onyamula simenti sangalephere fupa la munthu wa ofesi.

Ngakhale mwana wa Sitandade 2 akudziwa kuti munthu wofuna kudya anzake amati tiwadye. Ine amene ndinakhala zaka zinayi ku Zomba ndikuphunzira zilembo zomwezi ndinadziwa kuti nthabwalayo ndi yopunduka. Koma panalibe wondigwira, patebulopo katswiri ndinali ine. Kapepala kaja sindinakaonenso. Ndinkaganiza kuti anatola ndi woperekera zakudya.

Madzulo ake pomasulira ndinapeza kuti foni sindinaizimitse. Inajambula kuyambira kumsika, msonkhano wonse, ofesi ya a Chester, mpaka mafupa a nkhuku. Ndinati ndidzafufuta mawa. Mawa lakelo ndi limene mukulidziwa. Mu Ogasiti ndinabwera kudzamanga chiliza cha abambo nditagula foni yatsopano, ndipo yakaleyo ndinakusiyirani, inu nkuvina nayo pabwalo.

Nkhaniyo inatuluka mu Seputembala. Ndinaionera pafoni ndili mu minibasi, pa Ginnery Corner, ndipo ndinapitirira potsikira panga osadziwa. Inayamba ndi matayala akuyaka pamsewu. Matayala amenewo si a ku Limbe, ngakhale a chaka chino. Kumbuyo kwake kukuoneka chikwangwani cha sitolo ya ku Lilongwe. Kenaka nkhope ya Mayi Halimatu, yojambulidwa chapansi, kukamwa kuli yasa, dzanja lili m'mwamba. Pamene ankanena za wodwala wa ku Bangwe panalibe. Za nyemba za ku Milanje panalibe. Za dzanja lamanja anazisandutsa kuti anakana kuyankha za kumene ali pa ndale. Anawatchula kuti mayi waukali amene akulonjeza osauka chuma cha eni ake. A Chester anawaonetsa ataima pawindo akuyang'ana mzinda, nkuwatchula wamalonda wodekha amene akuopa za mawa.

Pofika pa mfuwu uja anatsitsa mawu a mayi aja, pamwamba pake nkuikapo mawu a mzungu wofotokoza, moti t uja sungamumve ngakhale utamatira khutu. Pansi pa chithunzi analemba m'Chingerezi mawu otanthauza kuti tiwadya onse. Wofotokozayo anati poyera mawuwa amamveka ngati kuitanira anthu chakudya, koma katswiri wa chiyankhulo wa m'dzikomo anawatsina khutu kuti otsatira ake amamva zina. Dzina sanatchule. Katswiriyo, achemwali, ndi amene munkamusambitsa kumtsinje uja.

Mukudziwa mmene zinthu zimakhalira kuno. Nkhani ikanenedwa ndi ife eni ake imakhala mphekesera, koma ikapita kunja nkubwerako imabwera itavala tayi. Tsiku lisanathe inali m'mafoni a anthu onse. Mawayilesi ena anaitola, aliyense akuyamba ndi kuti malinga ndi kanema wa kunja. Anthu amene anabadwa akuyankhula Chichewa, amene anamva mfuwuwo ndi makutu awo, anayamba kufunsana kuti kapena sitinamve bwino. Ndinamva bambo wina wa tayi mu banki akuuza mnzake kuti azungu sangalembe chinthu asanafufuze.

Eni mashopu a holoselo anatseka zitseko masiku awiri chifukwa cha mantha, ndipo sindiwanena, nanenso nditamva kuti ndili pa mndandanda wa ndiwo ndikanatseka. Koma shopu ikatsekedwa wonyamula katundu alibe ganyu, ndipo pachiwaya paja panalibe woitana mnzake. Tsiku lachitatu anthu ena anagenda nyumba ya katundu ya a Chester. Mwala wina unapeza mlonda, bambo wachikulire, pamutu. Ali moyo koma diso limodzi lapita. Nthawi imeneyo Mayi Halimatu anali pamaliro ku Nancholi, anthu oposa zana anawaona. Apolisi anawatengabe Lolemba lake, pabenchi pawo pomwe, pa mlandu wokolezera ziwawa. Umboni waukulu ndi kanema uja. Belo anawakaniza, akuti mawu awo ndi oopsa pa nthawi ya chisankho. Lolemba likudzali akwanitsa masabata atatu ali m'kati.

Ndinamulembera Vanessa. Anayankha msanga, ndimuyamikire pamenepo. Akuti mtima ukumupweteka kwambiri. Akuti iye anatumiza zonse, odula ndi kulumikiza ndi akuluakulu a kuntchito kwawo, amene sanafikeko kuno. Akuti zojambula zoyambirira ndi katundu wa kampani, ndipo malamulo awo salola kuzipereka ku makhoti a mayiko ena, pofuna kuteteza anthu amene amawapatsa nkhani. Ndiye kuti akuteteza ine. Patapita sabata anawonjezera kamzere pansi penipeni pa tsamba lawo, m'zilembo zazing'ono ngati nyerere, kakuti ena akutsutsa kamasuliridwe ka mawuwa. Kanemayo akadali pomwepo, ndipo Vanessa pano ali kudziko lina, kumene ndamva kuti kwapezekanso wa kumanzere.

Ku Limbe anthu anandiona ndikuyenda ndi alendo aja, ndipo ondikayikira alipo. Makondakitala a ku depoti anandipatsa dzina lakuti a Dikishonale. Wina tsiku lina anandiuza kuti a Dikishonale khalani kutsogolo, kumbuyoku tingakudyeni. Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koma maso ake sankaseka. Chimene chandisunga mpaka lero ndi chakuti Mayi Halimatu anatumiza uthenga kwa anthu awo kuti aphunzitsi asawakhudze, iwo anamasulira zoona, bodza linaphikidwa kutsidya.

Lamulungu lapitali ndinapita kukawaona pamodzi ndi a Alidi. Achepa thupi, ndipo miyendo yatupa chifukwa ali ndi shuga ndipo mankhwala sakumwa pa nthawi yake. Anandifunsa za amayi, za inu, za kachewere ngati wachita bwino chaka chino. Anadandaula kuti nyemba zawo zifumbwa. A Alidi anali atabweretsa mpunga ndi nsomba m'kontena. Mayi aja anatsegula, nkugawira amayi awiri amene anakhala nawo pafupi, amene panalibe wodzawaona, kenaka anakankhira kontenayo kwa ine. Anati aphunzitsi mwauma milomo, tidye tonse, ndipo mumve bwino, t ndamutchula. Anaseka okha. Ndinatapa, achemwali. Ndinatafuna mpunga umenewo nthawi yaitali.

Potuluka ndinapita kwa loya wawo, Mayi Constance, amene akuwaimira mwaulere. Ndinawauza kuti mawu enieni a msonkhano uja alipo, omveka bwino, ali mufoni kumudzi. Anadumpha pampando. Ndiye ndinafunsa, mochenjera mmene ndimachitira, ngati tingathe kungodula kachigawo ka msonkhanoko nkupereka, poti zotsalazo ndi phokoso la minibasi ndi mafoloko. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali ndithu. Anati khoti likufuna foni yeniyeniyo ndi zojambulazo zathunthu, chifukwa chodulidwa a mbali inayo adzati chakonzedwa, ndipo adzakhala akunena zoona. Kenaka anandifunsa kuti kodi m'mafolokomo muli chiyani. Ndinawauza zonse. Sanakalipe. Anati bambo, msonkhanowo ukusonyeza kuti mayiwa sananene, koma nkhomaliroyo ikusonyeza kumene bodzalo linabadwira, ndipo pa ziwirizi chimene chingawatulutse msanga ndi chachiwiricho. Anandifunsa ngati ndidzaime m'bokosi kuvomera kuti mawuwo ndi anga. Ndinati ndikaganize. Anati ndiganize msanga, mlandu ukulowa Lachinayi la sabata yamawa, ndipo miyendo ya mayi aja siikudikira maganizo anga.

Ndaganiza masiku anayi. Marjorie ndinamuuza, ndipo anangofunsa funso limodzi, kuti kodi nkhukuyo inali yokoma. Chiyambire pamenepo ndi mmene ndanenera muja, akundipatsa madzi osamba mwaulemu ngati mlendo.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Foni ija muwapatse a Alidi pamene akubwerera Lolemba. Muizimitse, muikulunge m'kansalu, muiike mu envulopu momwe muno, mumate. Musapite nayo kwa oika nyimbo pamsika, ngakhale atanena kuti yadzaza ndipo akufuna kukupungulirani. Alamu asaitsegule kumbuyo. Nyimbo zanu za kwaya ndi zithunzi za chiliza zidzabwerera zonse, ndipo foni ndidzakupatsani yangayi, poti sindikuona amene azidzandiimbira ikatha sabata yamawa.

Ndikukudziwani, achemwali, nchifukwa chake ndalemba zonsezi m'malo mongoti tumizani foni. Mukufuna kumvetsera, ndipo mumvetsera. Pitani pamene pali chithunzi cha maikolofoni, mupeza chojambula cha pa 19 Julaye, chachitali kuposa zonse. Cha kumayambiriro mumva mayi akunena za munthu wa ku Bangwe. Pakati mumva gulu likuyankha, ndipo t uja mumumva bwinobwino, katatu konse, ali njo ngati mtanda. Cha kumapeto mumva mbale zikulira, kenaka mumva mlongo wanu. Mudzamuzindikira ndi kuseka. Akuseka chikhakhali, kuseka kwa munthu wokhuta, ndipo akuyankhula ngati mayi wa Chiyao kuti azungu asangalale.

Pamenepo chala chanu chidzayabwa. Pambali pake pali kachithunzi ka bini, ndipo kungokagunda kamodzi zonse zatha, palibe adzadziwe, a Alidi adzabwera ndi foni yopanda kanthu ndipo tidzati inafufutika yokha, mafoni akale amatero. Ndinu amene munauza abambo kuti mbuzi ndi imene inaswa nyali ija, ine nditabisala kuseri kwa nkhokwe. Munakwapulidwa m'malo mwanga kawiri konse, ndikukumbukira. Ulendo uno musandibise. Mbuzi ya ulendo uno ndi mayi wa zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi chimodzi, wa shuga, amene akugona pa simenti. Ndikanakhala wolimba mtima sindikanakuuzani za bini, koma ndaona kuti ndi bwino ndikuuzeni ndekha kusiyana nkuti mukaipeze nokha muli ndi chisoni. Kunena zoona, mbali ina ya mtima wanga ikufuna kuti muigunde. Imeneyo musaimvere, ndi yomwe ija inayankhula kuhotela.

Zimene zidzachitike Lachinayi ndikuzidziwa pang'ono. Khoti lidzadzaza ndi anthu a pachiwaya. Adzamva mayi awo, adzaomba m'manja, woweruza adzawaletsa. Kenaka adzamva ine ndikunena za mano awo. A Alidi adzakhala pabenchi loyamba, foni atabweretsa okha pa lole yawo, ataisunga m'thumba la pamtima ulendo wonse. Mayi Halimatu adzakhala moyang'anana nane. Zimenezo ndiye zikundisowetsa mtendere kuposa makondakitala. Ntchito yomasulira idzathera pomwepo, chifukwa alendo safuna womasulira wojambula nkhomaliro, ndipo eni mudzi safuna womasulira wowaseka. Ku Limbe sindidzapondako kwa nthawi. Kanema uja sindikukhulupirira kuti adzachotsa. Mwina adzawonjezera nyerere ina pansi pake. Ngakhale chisankho chidzawadutsa mayi aja, poti chatsala masabata awiri ndipo a Chester zikwangwani zawo zafika kale mpaka pa zimbudzi zomwe zija. Chimene chingatheke ndi chimodzi chokha, kuti akagone kwawo ku Nancholi ndi kumwa mankhwala pa nthawi yake. Abambo ankati mlandu suwola. Sankadziwa kuti masiku ano umachita kusungidwa ndi batire.

Zina za kuno ndi zomwe zija. Madzi akutuluka kawiri pa sabata, magetsi akubwera ngati mlendo wamanyazi, ndipo eni nyumba ayamba kuyeza mpanda ndi maso, chizindikiro chakuti Januwale ali ndi mawu pa lendi. Ngati zinthu zivuta ndidzabwera kudzakuthandizani kukumba kachewere. Muuze alamu asaseke, khasu ndinaligwirapo, chithunzi chilipo.

Amayi musawauze kaye. Likadutsa Lachinayi ndidzawauza ndekha, ndi pakamwa pomwepa, kuti pagwireko ntchito ina yabwino. Muwapatse moni wanga, muwauze kuti mafuta opaka mwendo ndawapatsira a Alidi. Moni kwa alamu, kwa atsibweni ndi akazi awo, kwa azakhali a kuseri kwa tchalitchi, ndi kwa ana onse, makamaka amene akulemba mayeso chaka chino. Muwauze kuti polemba asamasiye zilembo. Marjorie akupereka moni, ndipo wanena kuti ndikuuzeni kuti iye adzapita nane kukhoti, adzakhala kumbuyo pafupi ndi khomo.

Chomaliza. A Alidi akabwera kudzatenga envulopu, musawalole kuimirira pakhomo. Alowe, akhale pampando wa abambo uja, muwaphikire tiyi wamkaka, muwakazingire kachewere ndi mazira, mafuta ake osakhudzana ndi nyama ya nkhumba ya alamu ija. Akakana muwakakamize, mukhale nawo pansi mudye nawo mbale imodzi. Zaka zisanu ndi ziwiri akhala akudya pakhomo pathu ngati mbale, ndipo sindikudziwa ngati likadutsa Lachinayi adzaimikenso lole pamenepo.

Tsalani bwino, achemwali. Mundipempherere, koma muyambe ndi mayi aja.

Ndine mlongo wanu wa pakamwa uja,
Aloysius